Kabowo Kamene Ndinamukaniza Saidi

Mariamu ndi Idrisa, ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye ndalemba. Ndalemba m'Chichewa ngakhale ndikudziwa kuti lilime lanu linapita ku Chishona kalekale. Pomwe mawu akukukanikani, kafunseni amayi anu. Musayembekezere mbiri ya munthu wotchuka, ine ndinali wonyamula matumba. Chomwe ndikufuna kuti mudziwe ndi chakuti bambo anu aang'ono a Saidi kuti akhale pa njinga ya olumala lero, dzanja langa lilipo. Nkhani imeneyi pakhomo sitiikamba, aliyense amangoilambalala.

1981

Ndinalowa ntchito pa kampani ina yogaya chimanga ndi zakudya za ziweto ku Southerton nditangochoka ku famu ya fodya komwe agogo anu anakalambira. Ndinkagona ku mahositelo a ku Mbare, pansi, m'chipinda cha munthu wakwathu. Tsiku lomwe ndinapita kukafuna ntchito pageti panali khwimbi la anthu, ndipo amene ankasankha anali kapitawo wa onyamula katundu, Che Bwanali, Myao wamfupi wa chifuwa ngati mgolo. Atafika pa ine anandiyang'ana miyendo, osati nkhope, n'kufunsa kuti, "Kwanu n'kuti iwe?" Ndinati ku Mangochi, ngakhale kuti ku Mangochiko phazi langa linali lisanapondeko. Anati, "Lowa." Azungu a pakampanipo ankatikonda ife Mabulandaya, monga momwe Ashona amatitchulira ife a mtundu wa ku Malawi, ati chifukwa sitidwala. Kudwala tinkadwala ndithu, kungoti sitinkanena.

Ntchito yathu inali kutsitsa matumba m'ngolo za sitima n'kukawasanja mu shedi. Matumba a nthawi imeneyo anali a makilo makumi asanu ndi anayi. Anthu awiri amakuponyera thumba pamapewa, iwe n'kuthamanga nalo, n'kukwera pathabwa lopendekeka mpaka pamwamba pa mulu. Che Bwanali anandiphunzitsa kupinda thumba lopanda kanthu n'kulimanga zolimba m'chiuno, komanso kuti thumba sayenda nalo, amathamanga nalo, chifukwa ukayenda limakulemera kawiri. Manijala wathu tinkamutcha Bwana Wotchi, poti maso ake sankachoka padzanja. Sanali wankhanza, koma ngolo ikachedwa ankafiira mpaka m'makutu. Panalinso kachipatala ka pakampani, koma kumeneko tinkangopita ndi chilonda chooneka. Munthu akapitako katatu ndi msana, sisitala ankalemba pakhadi lake, ndipo ikafika nyengo yochepetsa anthu woyamba kuchoka anali yemweyo. Choncho tinkabisana. Wodwala msana tinkamukhazika kuseri kwa mulu azisoka pakamwa pa matumba mpaka apezeko bwino, ife n'kumamunyamulira gawo lake.

1987

M'mawa wina Che Bwanali anakhala pansi pakati pa thabwa, thumba lili pamapewa, n'kunena modekha kuti, "Anyamata, mwendo wanga sukundimva." Amenewo sitikanatha kuwabisa. Anapita nawo kuchipatala chachikulu, ndipo madokotala anati awachita opaleshoni ya msana. Anagona kumeneko miyezi itatu, chilonda chikutukusira. Anabwerako pa njinga ya olumala, munthu amene ankathamanga ndi thumba akuimba. Sipanathe zaka ziwiri anamwalira m'kachipinda kawo ku Mbare. Ine ndinali mmodzi wa anthu amene anasambitsa thupi lawo monga mwa Chisilamu chathu. Titawatembenuza ndinaona chipseracho ndi maso angawa. Chinayambira pakati pa msana mpaka pamwamba pa matako, chotupa, chokhala ndi zipsera za ulusi uku ndi uku ngati njanji. Ndine amene ndinathirapo madzi.

Pobwera kumanda tinagwirizana osachita kukhalirana pansi kuti msana sang'amba. Palibe anafunsa kuti kodi chinawalumaza Che Bwanali ndi mpeni kapena ndi zaka zonse zija anamanga thumba m'chiuno n'kumabisala kuseri kwa mulu. Ife tinaona mpeni basi. Ukapitawo unagwera ine, ndipo aliyense wolowa kumene ndinkamuphunzitsa zinthu zitatu: manga m'chiuno, thamanga ndi thumba, msana usampatse dokotala. Ndinkanena monyada, ngati ndikupereka nzeru za makolo.

1994

Saidi ndi mng'ono wanga wa bere limodzi, ndinamusiya ndi zaka khumi. Amayi atamwalira ku famu ndinakamutenga, n'kumupemphera ntchito pagulu langa. Amalume athu, amene akanakhala eni mbumba, anatsalira ku Malawi ndipo sitinawaonepo, choncho kwa Saidi ine ndinali mkulu wake, bambo ake ndi malume ake pamodzi. Sankagula ngakhale wailesi osandifunsa. Inu mukumudziwa ali chikhalire, koma munthu ameneyu anali wovina beni wodziwika mu Mbare monse. Lamlungu ankavala yunifolomu yoyera, wezulo pakamwa, n'kumaponda pansi fumbi kobo, akazi akumululutira nthungululu. Kumeneko n'komwe anakola mtima wa mtsikana wa Chishona amene lero mumamuti Mai Tendai. Titasamukira ku Glen View iwo anayamba kukhala m'chipinda chathu chakuseri asanapeze pawo. Zaka zimenezo ntchito inapepuka. Matumba anatsika kufika pa makilo makumi asanu, kunabwera mafokolifiti awiri, makina onyamula katundu, ndipo tinkaweruka tikadali ndi mphamvu zoseka.

2008

Chaka chimenechi simufunika kuuzidwa, munadya nawo masamba opanda mafuta. Kuntchito dizilo anasowa, zipangizo zinasowa, mafokolifiti anaima mpaka matayala kuphwa. Anthu ambiri anathawira ku Joni, ndipo pagulu langa tinatsala anthu asanu ndi anayi. Manijala wa nthawi imeneyo anali mwana wa Chishona wophunzira bwino, waulemu, wonditcha baba. Chimanga cha chithandizo chitayamba kufika anandiitana n'kunena kuti, "Baba, makina palibe, koma anthu kunjaku akufa ndi njala. Muchita bwanji?" Ndinati tichita momwe tinkachitira kale. Tinatulutsa thabwa lija, tinamanga m'chiuno, n'kuyamba kuthamanga, madoda a imvi. Tsiku lachitatu Saidi anandiona ndikupumira m'mwamba, n'kundilanda thumba. Anati, "Achimwene, inu imani apo muziyambitsa nyimbo, zonyamula ndisiyireni." Kwa miyezi yambiri ananyamula gawo lake ndi langa, ine ndikuimba. Ichinso muchidziwe.

2014

Ululu unamuyamba m'chiuno, kenako unatsikira m'tako lamanzere, kuseri kwa ntchafu, mpaka kuchala chachikulu. Ankati zili ngati wina akumukoka waya wamoto m'mwendo. Akaima pang'ono mwendo unkachita dzanzi, ndipo poyenda ankaimaima n'kuwerama ngati akufuna chinthu pansi. Beni anasiya. Ine ndinachita zomwe ndinkadziwa, ndinamukhazika kuseri kwa mulu ndi singano. Koma Mai Tendai si munthu wa kuseri kwa mulu. Nthawi imeneyo kampani inali itatipatsa khadi lolandirira chithandizo m'zipatala zolipira, ndipo iwo anamukokera mwamuna wawo kumeneko ine osadziwa. Anamujambula m'makina aja ogonekamo munthu, n'kumutumiza kwa dokotala wa msana m'tauni. Dokotalayo atanena za opaleshoni, Saidi anayankha kuti iye sangavomere kanthu mkulu wake palibe. Ndi momwe tinapezekera atatu mu ofesi ija.

Dokotalayo anali wamng'ono kwa Saidi, ndipo zimenezo zokha zinandiipira. Anatenga msana wa pulasitiki patebulo n'kundilozera kafupa kena ka m'munsi. Anayankhula Chishona pang'onopang'ono kuti ndimve bwino.

"Baba, kafupa aka kanachita mng'alu. Sikanathyoke tsiku limodzi, kanatopa ndi kunyamula. Chifukwa cha mng'aluwo fupa ili latsetserekera kutsogolo, ndiye likupana mtsempha wopita kumwendo. Ululu womwe akumva kuchala ukuchokera pano."

"Ndiye mukufuna kumung'amba," ndinatero.

"Sitikung'amba ngati kale. Timaboola kabowo kakang'ono, timalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera, timachotsa chomwe chikupana mtsemphawo, kenako fupalo timaligwira ndi timasikuluwu kuti lisasunthenso. Minofu sitiidula, timangoipatula. Ambiri mawa lake amadzuka n'kuyenda."

Ndinaseka. Ndinamufunsa ngati angalumbire kuti palibe chingalakwike.

"Sindingalumbire," anatero. "Ngozi ilipo, sindikunamizani. Koma kudikira n'koopsa kuposa opaleshoniyo. Mtsempha ukapanidwa nthawi yaitali umafa, ndipo ukafa ine sindingaudzutse."

"Iwe mwana, unaonapo munthu wochitidwa opaleshoni ya msana akuyenda ndi miyendo yake?"

"Ambiri, baba. Wina ali mu wodi pompano, tinamuchita dzulo, ndipo amakonda kucheza. Tiyeni ndikamupemphe mumuone."

Wodiyo inali kumapeto kwa khonde lomwelo. Ndikanangoimirira n'kuyenda mapazi makumi awiri. Ndinati ndilibe nthawi yoonera zionetsero, zanga ndinaona kale. Safunsa anadya phula, ana inu, ndipo ine ndinachita kuposa pamenepo, poti yankho anachita kundibweretsera ine n'kulikana.

Tinakambirana masana a Loweruka pakhonde la kwa Saidi. Mai Tendai anagwada patsogolo panga, n'kuomba m'manja mwa chikhalidwe chawo. Ankanditcha babamukuru, ndiye kuti mkulu wa mwamuna wawo, ine n'kumawatcha mainini, mkazi wa mng'ono wanga.

"Babamukuru, ndapota nanu, muloleni apite. Khadi lilipo, dokotala alipo. Usiku sagona munthuyu, inu simumuona."

Ndinawauza za Che Bwanali, za chipsera chija, za madzi amene ndinathira. Iwo anati zimenezo ndi zakale, zinthu zinasintha. Pamenepo mtima unandiwira, ndipo ndinanena mawu amene mpaka lero amandiwotcha m'kamwa.

"Mainini, inu akalumala kapena akafa mukhoza kukwatiwanso. Nanga ine m'bale wina ndikamutenga kuti?"

Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinatembenukira kwa Saidi, amene nthawi yonseyi anali atakhala chopendekera kumbali, mwendo atautambasula. Ndinamufunsa kuti iye akuti bwanji. Anayang'ana kukhomo komwe mkazi wake analowera, n'kuyang'ana ine.

"Kunena zoona, achimwene, ine ndimafuna nditayesa. Koma inu mwanena. Mawu a akulu akoma akagonera."

Sabata yotsatira ndinapita naye kwa sing'anga wina wakwathu, mkulu wodziwika pa za misana. Anamutema mphini ndi lezala m'chiuno monse, mizere iwiri, n'kupakamo mankhwala akuda. Ine amene ndinakana kabowo kamodzi ndinamugwira mapewa mng'ono wanga akutemedwa malo osawerengeka. Kwa milungu ingapo anati akupezako bwino. Kaya zinali zoona kaya ankangofuna kundisangalatsa, sindikudziwa. Ine ndinayenda mu shedi monse ndikudzitama kuti ndapulumutsa m'bale wanga ku mpeni.

2015 mpaka 2016

Chaka chomwe makampani ankachotsa anthu ndi notisi ya miyezi itatu, makalata athu anabwera tsiku limodzi, yanga ndi ya Saidi. Manijala anatipatsa akuyang'ana pansi. Zaka makumi atatu ndi zinayi zinathera pa pepala limodzi, koma chomwe chinandiopsa sichinali chimenecho. Khadi la chipatala lija linafa limodzi ndi ntchito. Mai Tendai anathamangira kwa dokotala uja m'masabata otsiriza, koma Saidi anati sangapite mozemba mkulu wake, ndipo ine ndinali ndisanasinthe maganizo. Ndinkati tsopano wasiya kunyamula, msana upuma wokha.

Sunapume. Phazi lamanzere linayamba kukwekwereza pansi. Tsiku lina tikuyenda ku mashopu patapata linamuvuka, iye n'kupitirira osazindikira, mpaka mayi wina wogulitsa tomato anachita kumuitana. Ndinaliona patapatalo lili lokha pamsewu. Kenako dzanzi linalowa mwendo winawo. Mapeto ake anafika Lachisanu lina ku mzikiti ku Mbare. Tinagwetsa nkhope pansi tonse pamzere umodzi, ndipo titadzuka Saidi anatsala pansi. Ndinaganiza kuti akutalikitsa pemphero. Anandikoka mwendo wa buluku n'kunong'ona kuti, "Achimwene, musaitane anthu. Ndadzinyowetsa, ndipo sindinamve." Tinadikira anthu onse atuluke, ndinamufunditsa jekete langa, ndinamudzutsa pomugwira m'khwapa, n'kumubereka kumsana mpaka pamsewu.

Kuchipatala cha boma anatilandira bwino, koma odikira anali ambiri ndipo zipangizo zinali zosowa. Pomwe nthawi yake inkakwana, dokotala wa kumeneko anayang'ana zithunzi zakale zija, n'kuyang'ana deti lake, n'kufunsa kuti, "Nanga zaka ziwiri zonsezi munali kuti?" Opaleshoni anamuchita kuti ululu uchepe, ndipo unachepadi, koma miyendo ndi chikhodzodzo sizinabwerere. Madzi akatayika saoleka. Kuyambira pamenepo Saidi amakhala pakhomo, akusoka nsalu za makushoni zomwe opanga mipando a pa kompulekisi ya Glen View amamubweretsera. Mai Tendai ndi amene amamusambitsa ndi kumusintha. Sanandinyozepo ngakhale tsiku limodzi. Anangosiya kunditcha babamukuru, amandipatsa moni ngati wa munthu wodutsa pamsewu.

2023

Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ululu womwewo unandipeza ine, mwendo wakumanja. Ndinafunafuna thumba lakale n'kumanga m'chiuno pansi pa malaya, ndipo ndinauza amayi anu kuti asauze munthu. Mumtima ndinkati chibwere, ndi malipiro anga. Koma iwe Mariamu utabwera kutchuthi kuchokera ku Joni, ndi maso ako a unesi, unandiona ndikuwerama pageti. Sunagwade, sunaombe m'manja, sunandipemphe. Unati, "Ababa, Lolemba tikupita kuchipatala, ndipo sindikukufunsani." Ndinakalipa, ndinati ndine mutu wa banja lino, iwe n'kumangopinda zovala zanga m'chikwama. Ine ndinalibe mkulu woti andikanize.

Madokotala ananena zomwezo: mng'alu, fupa lotsetsereka, mtsempha wopanidwa. Anandigoneka m'mawa n'kundichita opaleshoni yoboola ija, ndipo masana ndinadzuka waya wamoto uja atachoka m'mwendo. Mawa lake nesi anandigwira mkono n'kunena kuti tiyeni. Ndinaponda pansi, ndinayenda mpaka kumapeto kwa khonde, n'kubwerera ndekha. Nditakhala pabedi ndinalira mokweza ngati mwana, nesi n'kuthamangira mankhwala a ululu. Ndinalephera kumuuza kuti palibe pomwe pakupweteka, ndipo kuti chondiliza n'chomwecho.

Kwa Saidi ndi misewu inayi kuchokera kwathu, koma ndinatha miyezi iwiri osapitako. Tsiku lomwe ndinalimba mtima ndinatenga ndodo, ngakhale sindinkaifunanso, ndipo nditayandikira geti lawo ndinayamba kutsimphina. Ndinamupeza pamkeka pakhonde, miyendo yowonda atayiyala kutsogolo, nsalu ya kushoni ili pamwamba pake. Njinga yake inali pambali. Sanadzutse mutu.

"Ndodoyo ikani uko, achimwene. Ndakuonani kuchokera pakona, mumayenda bwinobwino."

Ndinaiimika pakhoma. Tinalonjerana, ndinafunsa za ana, iye anafunsa za amayi anu. Kenako anabaya singano pansalu n'kunena kuti, "Tandionetsani." Ndinagwada chomufulatira n'kukweza malaya. Ndinamva chala chake chikufufuza pamsana panga, chozizira, mpaka chinapeza timabala ta opaleshoniyo. Anaika chala chachikulu pa kamodzi, ndipo kanabisika konse.

"Ndi timeneti basi?"

"Ndi timeneto."

Chala sanachichotse pamenepo. Ndinkafuna anditukwane, andimenye ndi ndodo ija, anene chilichonse. Ndinayamba kuti, "Saidi, ine ndinaku..." koma anandidula.

"Tsitsani malaya, kukuzizira."

Posakhalitsa anati nthawi yake yopita kuseri yakwana, ndipo anaitana mkazi wake kuti adzamukweze panjinga. Mai Tendai anali kumpopi, manja ali ndi thovu. Ndinati asavutike, ndilipo. Ndinawerama, ndinalowetsa manja m'khwapa mwake momwe ndinachitira ku mzikiti kuja. Anandigwira dzanja n'kulichotsa pang'onopang'ono.

"Dokotala wanu sanakuletseni kunyamula zolemera?"

"Anandiletsa."

"Ndiye mumvereni, achimwene. Ulendo uno mumvereni."

Ndinaima pambali manja ali lende, mkazi uja n'kupukuta thovu pachitenje, n'kumunyamula yekha.